Musapereke ndalama ya mankhwala osungunula chipsera cha mumsana

Mayi, ndalama imene akukuuzani ya mankhwala osungunula chipsera mumsana mwa mwana wanu wovulalayo musapereke, chonde. Ifenso anatidyera momwemo.

Achimwene anga anali pa kabaza wa njinga yamoto ku Kawale, galimoto n'kuwagunda kumbuyo. Anthu anawanyamula wina miyendo wina manja, msana uli lende, n'kuwaponya mu pikapu. Iwo akukuwa kuti miyendo sakuimva, wina n'kumawadzutsa kuti akhale tsonga, ati apume bwino! Ndikakumbukira mtima umandiwawa, chifukwa wovulala msana amafunika kumugoneka pa chinthu cholimba ngati chitseko, khosi osaligwedeza. Titatuluka m'chipatala kunabwera bambo wina wa tayi, mabotolo m'chikwama, ati chipsera chatseka mitsempha, mankhwala anga achisungunula. Tinagulitsa firiji ndi mbuzi za amayi kumudzi. Achimwene anangoyamba kutsegula m'mimba, ali chigonere, osamva chilichonse kumunsi, usiku wonse ine ndi alamu tikuchapa zofunda, iwo akulira ndi manyazi. Chilonda chapathako chinayambira pomwepo. Foni ya bamboyo siipezekanso. Wakuba wopanda chisoni, Mulungu amuone.

Chipseracho chilipodi. Mtsempha waukulu wa mumsana ukavulala, maselo otchedwa astrocyte amazungulira bala lija n'kumanga mpanda, ndipo pamalopo pamachuluka zinthu zotchedwa CSPG zimene zimaletsa timinyewa toduka kumeranso. Koma mpanda womwewo ndi umene umatchinga kutupa kuti kusafalikire kumalo amene sanavulale. Mu 2016 gulu la wasayansi Michael Sofroniew ku yunivesite ya UCLA ku America linaletsa chipseracho kupangika pa mbewa, koma minyewa sinamere ayi. Mankhwala a chondroitinase, amene amadula CSPG, anathandiza makoswe mu 2002, komatu ankachita kuwathira pamtsempha penipeni mu labu. Ndiye botolo lakumwa la m'chikwama likafika bwanji kumeneko?

Limbikirani zimene zili m'manja mwanu. Muzimutembenuza maola awiri alionse, ndi usiku womwe, khungu lizikhala louma, paipi yamkodzo yaukhondo. Fizo musadumphe, chifukwa mphamvu zambiri zimene zimabwerera zimabwera m'miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira, kenako zimayenda pang'onopang'ono. Kafunseni ku LION, chipatala cha mafupa ndi mitsempha cha ku Kamuzu Central ku Lilongwe kuja, ndipo ngati mungathe mufunsenso za ku Kachere, chipatala cha mafizo ku Blantyre.

Komabe musangokhala kudikira tsiku la kuchipatala. Mukamva kuti kwinakwake kuli thandizo pitani mukaone, ife mpaka pano timapitabe, ndipo kuli agogo ena amene amawasisita achimwene miyendo ndi mafuta a nsatsi. Bola zakumwa ayi, ndipo ndalama yapatsogolo musapereke.