Funsani Azakhali: kandege, mankhwala a pa wailesi ndi ana okana phala

Sabata ino makalata ambiri achokera kwathu kuchigwa, Chikwawa ndi Nsanje, ndipo ngakhale olembawo sakudziwana onse akulira chinthu chimodzi, zomwe tikumva pa wailesi ndi kuona pa foni zalowa m'nyumba mpaka zafika pa mphika. Ndasankhapo anayi. Mayina ndachotsa ngati mwa nthawi zonse.

FUNSO: Azakhali, ine ndi mayi wa ana atatu ndimakhala ku Nchalo, amuna anga amagwira ntchito yodula nzimbe nde ndalama imaoneka nyengo yodulayo basi ikatha timadalira kadimba kathu. Vuto langa ndi foni. Chiyambireni kumvera mpira pa wailesi pomwe amangoti betchani betchani mawa ndinu miliyoneya bambowa asintha, poyamba inali K500 pa wikendi pano ndi tsiku ndi tsiku, usiku ndikadzidzimuka ndimapeza kuwala kwa foni mu neti akusewera kandege, juga ija ya pa foni. Mwezi watha malipiro analowa Lachisanu pofika Lolemba akuti yatsala K8,000 yokha. Ndikafunsa amati iwe sudziwa kanthu mnzanga wa ku Dyeratu anawina anagula njinga yamoto. Ndalama ndinabwereka ku banki m'khonde ya fizi ya mwana anatenganso. Ndizipita kwathu kapena nditani? Mayi wotopa, Nchalo

YANKHO: Mwananga, kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Kuwala kwa foni mu neti kumeneko ndikukudziwa, ndinakuona kwa mwana wa mchimwene wanga, mnyamata wa kabaza wolimbikira bwinobwino yemwe anafika pogulitsa tayala la njinga yomwe imamudyetsa. Musathamangire kumanga katundu, komanso musakhale chete.

Choyamba mumvetse chomwe chawagwira bambowo. Uthenga uja mumaumva pakati pa mpira si malangizo a wailesi ayi, ndi nthawi yomwe kampani yachita kugula ndipo mawu aliwonse wasankha ndi amene walipirayo. Nde dzifunseni, ndalama yolipira wailesi, yokhomera zikwangwani mumsewu wa M1 kuchokera pa Thabwa mpaka ku boma la Nsanje, yopentera mashopu, ikuchokera kuti? Ikuchokera m'matumba mwa anthu oluza. Wowina mmodzi amamujambula akumwetulira atanyamula chicheke chachikulu, koma khamu lomwe linasonkha ndalama imeneyo palibe amalijambula, mayi ngati inu yemwe akusowa poyambira ku banki m'khonde sadzaoneka pa chikwangwani. Mnzawo wa ku Dyeratu mwina anawinadi, sindikutsutsa, koma afunseni bambowo kuti anzawo ena omwe amabetcha nawo limodzi njinga zawo zili kuti.

Ndikuwerengereni masamu pang'ono kuti mukawawerengere iwonso, poti amuna ambiri amakhulupirira kuti mpira amaudziwa. Tinene kuti timu iliyonse yomwe asankha ndi yamphamvu, mwayi wake wowina ndi 7 pa 10. Akaika magemu awiri pa tikiti imodzi mwayi uja watsika kufika 49 pa 100. Magemu asanu, 17 pa 100. Magemu khumi, omwe ndi amene amaonetsa ndalama yambiri ija yokopa, mwayi ndi 3 pa 100 basi, kutanthauza kuti pa matikiti 100 otere, 97 ndi ongotaya. N'chifukwa chake mumawamva akudandaula kuti aaa yandilakwira timu imodzi yokha, ndipo kuphonya pang'ono kumeneko ndi komwe kumawabweza mawa lake. Kandege ndiye koopsa kuposa apa chifukwa mpira umadikira wikendi pomwe iko kamauluka usana ndi usiku, gemu imodzi imatha m'masekondi ochepa, munthu akhoza kutaya malipiro a mwezi nsima isanapse. Pomwe kagwere amasankha ndi kompyuta, palibe luso, ndipo aja amagulitsa pa WhatsApp zoti akuuzani nthawi yomwe kathawire ndi akuba ena apadera.

Tsono chochita. Musayambitse nkhaniyi usiku ali pa foni kapena atangoluza, mungokolezerapo moto. Sankhani m'mawa wa Lamulungu, mukhale pansi ndi kope, muwapemphe atsegule mameseji a Airtel Money kapena Mpamba muwonkhetse limodzi zonse zomwe zatuluka mwezi umodzi ndi zomwe zalowa. Anthu ambiri obetcha amakumbukira tsiku lomwe anawina lokha, nambala ikaoneka pa pepala ena amadzidzimuka. K1,000 pa tsiku ndi K30,000 pa mwezi mwananga. Kenako mugwirizane kuti tsiku lomwe malipiro alowa, lomwelo dzuwa lisanalowe, mugule chimanga, mubweze ngongole ya ku banki m'khonde, mulipire fizi, ndalama isagone mu foni chifukwa mmenemo ndi pafupi kwambiri ndi kandege. Ndalama yanu ya gulu asungeni amayi anzanu, PIN yanu musinthe lero.

Akakana zonsezi itanani ankhoswe, ntchito yawo ndi imeneyi, ndipo muwauze zoona zonse osabisa manambala. Ndikuuzeninso kuti juga ikamugwira munthu imakhala ngati mowa, ena amafuna kusiya koma amalephera okha, ndipo manyazi a ngongole apangitsa anthu ena kuganiza zodzichotsera moyo. Mukaona bambowo akungokhala duu, sakudya, akuyankhula zotaya mtima, musadikire, pitani nawo kuchipatala kapena kwa abusa omwe amawakhulupirira. Koma akayamba kukuopsezani kapena kukumenyani pa nkhani ya ndalama, pamenepo tengani ana mupite kwanu ndipo mukanene ku polisi. Chinanso, foni imeneyo isamagwiridwe ndi ana. Lamulo silimalola mwana wosakwana zaka 18 kubetcha, ndipo bungwe loyang'anira juga la MAGLA liripo lolandira madandaulo ngati pali malo omwe akulola ana.

FUNSO: Azakhali, bambo anga ali ndi zaka 67 ndipo akhala akumwa mankhwala a shuga ndi BP kwa zaka zinayi. Miyezi iwiri yapitayo anamva pa wailesi ina usiku munthu akutsatsa mankhwala azitsamba akuti amachiza shuga, BP, zilonda za m'mimba, kusabereka mpaka HIV, anthu amaimba foni kuchitira umboni. Anagulitsa mbuzi ziwiri kuitanitsa mabotolo atatu ndipo a kuchipatala asiya. Ndikawauza amati ngati zinali zabodza boma likanalola bwanji kuti zizilengezedwa pa wailesi. Ndiwayankhe bwanji? Mwana wodandaula, Tengani

YANKHO: Funso la bambo anulo ndi lomwe lagwetsa anthu ambiri, makamaka akuluakulu omwe anakula nthawi yomwe wailesi inali imodzi yokha ya MBC, chomwe chanenedwa pa wailesi chinali ngati chanenedwa ndi boma. Pano mawailesi ndi ambirimbiri ndipo amakhalira ndalama za otsatsa malonda, nde munthu akhoza kugula mphindi makumi atatu n'kumayankhula zake. Aja oimba foni kuchitira umboni inu simukuwadziwa, simunaone mabuku awo a kuchipatala, ndipo yemwe anamwa osachira sapatsidwa mpata woimba. Lamulo liripo, bungwe la PMRA ndi lomwe limayang'anira mankhwala m'dziko muno kuphatikizapo katsatsidwe kake, a MACRA amayang'anira mawailesi, a CFTC amalandira madandaulo a malonda onamiza anthu, koma kuti chinthu chamveka pa wailesi sizikutanthauza kuti mabungwe amenewa achivomereza.

Ine sindinyoza zitsamba, tonse tinakulira nimu ndi chidede. Koma botolo limodzi lochiza matenda asanu osiyana kulibe, ndipo HIV mpaka lero ilibe mankhwala ochiziratu, ma ARV amaigonetsa ndipo kuchipatala cha boma ndi aulere. Shuga ndi BP nazonso sizichizika, zimangosamalidwa. Chomwe chikundiopsa ine ndi ichi, BP imakwera mwakachetechete munthu akumva bwinobwino mpaka tsiku lomwe wagwa n'kufa ziwalo mbali imodzi. Shuga naye chizindikiro chake chachikulu ndi ludzu ndi kukodza pafupipafupi, nde kwathu kuno komwe Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40 aliyense amangoti ndi dzuwa, osadziwa kuti shuga wakwera.

Musalimbane nawo kuti mwapusitsidwa, munthu wamkulu yemwe wagulitsa mbuzi ziwiri savomera zimenezo pamaso pa mwana wake. Auzeni kuti bambo tiyeni tikayezetse tione mmene mankhwala atsopanowa agwirira ntchito. Mupite nawo sabata ino ku chipatala cha boma ku Nsanje kapena chomwe muli nacho pafupi, mutenge buku lawo la kuchipatala ndi botolo lomwelo akalione adokotala. Makina akaonetsa nambala adzionera okha. Ngati pali malume kapena mnzawo wa msinkhu wawo yemwe amamumvera, mutengeni.

FUNSO: Zikomo Azakhali. Ine ndi bambo wa ku Ngabu, ndinagula sola ndi ka TV kuti ana asamapite ku vidiyo usiku. Pano ana anga awiri akukana phala la mapira m'mawa akufuna tiyi wa buledi ndi majigisi ndi zakumwa za m'mabotolo zomwe amaona pa TV, wamng'ono amachita kuimba nyimbo ya malondawo. Wamkulu anandiuza kuti malambe ndi bwemba ndi zakudya za anthu osauka. Zinandiwawa. Ndigulitse TV? Bambo wa awiri, Ngabu

YANKHO: Achimwene, TV musagulitse, maganizo omwe munagulira anali abwino ndipo mukaichotsa abwerera ku vidiyo komwe simungaone zomwe akuonera. Komanso ine sindili m'gulu la anthu oti wailesi ndi TV ndi zoipa, tonse tikukumbuka Malichi 2023 nthawi ya namondwe wa Freddy, ndi namondwe wa Ana chaka cha 2022, mmene uthenga wa azanyengo pa wailesi ndi pa foni unathandizira mabanja ena kusamukira kumtunda madzi asanafike.

Mwana wamng'ono sasiyanitsa katuni ndi malonda, kwa iye zonse ndi TV, ndipo opanga malonda amadziwa zimenezi n'chifukwa chake amaikamo kanyimbo kosavuta kuloweza, mitundu yowala ndi ana ovala bwino akusekerera m'nyumba ya matailosi. Chomwe mwana wanu wamkulu wagula pamenepo si chakumwa ayi, wagula maganizo oti moyo wabwino ndi wa m'nyumba imene ija ndipo wa kwanu ndi wochititsa manyazi. Mawu akewo andiwawa inenso.

Muuzeni izi. Malambe omwe akuwanyozawo ku Blantyre amawapanga juwisi n'kuika m'mabotolo, anthu a ndalama amagula m'masitolo akuluakulu, ndipo kuyambira 2008 ufa wa malambe unaloledwa kugulitsidwa m'maiko a ku Ulaya komwe amaugula modula chifukwa uli ndi vitamini C wambiri. Mapira ndi mchewere zomwe zimapirira dzuwa lathu lino zimakhalitsa m'mimba, mwana amafika nazo masana ku sukulu, pomwe kapaketi ka majigisi ndi mchere, mafuta ndi utoto, pakatha ola njala ili pomwepo. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Chomwe ndinaona chikugwira ntchito kwa mchemwali wanga ndi kuonera limodzi ndi ana n'kusandutsa malonda aja masewera. Akangoyamba amafunsa, eya ndani andiuze, apa akufuna tigule chani? Nanga sanatiuze chani? Tsiku lina mwana wake wa sitandade 4 anayankha yekha kuti sanatiuze mtengo, nyumba yonse kuseka, kuyambira pamenepo anawo amachita kupikisana. Musawaletseretu zinthuzo, choletsedwa chimakoma kwambiri, muziwagulira mwa apo ndi apo tsiku la msika. Phala lija mulithire nsinjiro ndi kashuga pang'ono, malambe muwanyike muwasefe muwaziziritse mu mtsuko. Ndipo inuyo bambo muzimwa nawo phalalo, chifukwa ngati inu mukumwa tiyi wa buledi iwo n'kumawapatsa phala ndiye kuti TV ija mwaivomereza.

FUNSO: Azakhali, agogo anga analandira meseji yoti dzina lawo latuluka pa Mtukula Pakhomo atumize K5,000 yolembetsera pa nambala ina. Ine ndinaonanso pa Facebook zoti kampani ya foni ikugawa mphatso ukadina linki. Zoona zimenezi? Mtsikana wa Fomu 3, Makhanga

YANKHO: Wachita bwino kufunsa iwe mwananga, zonse ziwirizo ndi zabodza. Mtukula Pakhomo salipiritsa ndipo salembera pa meseji, zimadzera kwa a boma ndi makomiti a m'mudzi momwemo, anthu omwe agogo akuwadziwa nkhope. Akuba amenewa amatumiza meseji imodzi kwa anthu ambirimbiri podziwa kuti kumadera ngati kwanuko komwe madzi amavuta chaka ndi chaka anthu amakhala akudikira thandizo, nde mmodzi kapena awiri atumiza. Mphatso yeniyeni safuna kuti uyambe walipira, ndipo wa kampani ya foni weniweni safunsa PIN. Linki ija usadine, imatha kukubera akaunti yako ya Facebook n'kuyamba kupempha ndalama kwa abale ako m'dzina lako.

Meseji ya agogoyo usaifufute, pita nayo kwa ejenti wodziwika kapena imbira kampani ya foniyo pa nambala yawo yothandizira makasitomala uwapatse nambala ya wakubayo kuti aitseke. Ngati agogo atumiza kale, imbani lero lomwe ndipo mukanene ku polisi. Ndipo poti iwe ndi amene umawawerengera mameseji, uwauze kuti iliyonse yotchula ndalama azidikira ubwere ku sukulu muione limodzi.