Ndinadya ndalama za mnzanga, ndalapa, koma mtima sukukhazikika

M'bale wina wa ku Rosettenville, muno mu Johannesburg, wandilembera imelo. Mnzake anamupatsira R3,000 kuti akasiyire mayi a mnzakeyo kumudzi, m'baleyu nkulipirira lendi, kenako nkunama kuti anamubera pa siteshoni ya mabasi ndi sitima ya Park Station. Walapa kwa Mulungu kambirimbiri, koma pemphero silikuyenda ndipo Mgonero anasiya kudya. Akufunsa ngati Mulungu anamukhululukiradi.

Achimwene, funso lanu landikhudza, chifukwa kuno ku Joni anthu ambiri asenza katundu wotereyu mwakachetechete. Tiyambe ndi 1 Yohane 1:9. Vesili likuti tikavomereza machimo athu, Mulungu ndi wokhulupirika ndi wolungama kuti atikhululukire ndi kutisambitsa. Chikhululukocho chatsamira pa kukhulupirika kwake ndi pa mwazi wa Yesu. Mmene mtima wanu ukumvera lero si muyeso wake ayi. Koma musalekere pa vesi 9, bwererani pa 6 ndi 7. Pamenepo Yohane akunena za chiyanjano, ndipo akuchimanga pamodzi ndi kuyenda m'kuwala. Mwana amene waswa mbale nkubisa zidutswa kuseri kwa nkhokwe ndi mwana ndithu, sanachotsedwe pabanja, koma pa nsima satha kuyang'ana bambo ake kumaso.

Vuto lanu lili apa: mukulapa kuba kwa kale pomwe bodza likadali moyo. Mnzanuyo mpaka lero amakhulupirira kuti munaberedwa. Lamulungu lililonse akakupatsani moni nkukupepesani za akuba aja, inu nkuvomera, bodza lija mwalinenanso kachiwiri. Davide pa Salimo 32:3-4 akufotokoza kuti pamene anakhala chete mafupa ake anakalamba, dzanja la Mulungu linamulemera usana ndi usiku. Kulemerako ndi chisomo, musakutenge ngati kukanidwa.

Mlandu wanu weniweniwu uli pa Levitiko 6:1-7, munthu wonamiza mnzake pa chinthu chimene anamusungitsa. Lamulo linali loti abweze chonse, awonjezerepo limodzi mwa magawo asanu, apereke kwa mwini wake tsiku lomwelo la nsembe yake. Pa R3,000 ndiye kuti R600 yapamwamba. Sitili pansi pa malamulo a nsembe, koma Yesu sanafewetse nkhaniyi: pa Mateyu 5:23-24 akuti usiye mtulo wako paguwa, uyambe wakayanjana ndi m'bale wako. Zakeyu uja analonjeza kubweza kanayi. Kubweza sikugula chikhululuko, kumangoonetsa kuti kulapako ndi kwenikweni. Makolo anati mlandu suwola.

Pano ndilankhule molimba. Mudzakumana ndi alaliki ena m'maholo a lendi muno mu Johannesburg amene adzakuuzani kuti fesani mbewu, gulani mafuta odzozedwa, mtima umasuka. Limenelo ndi bodza loipa. Ndalamayo ili ndi mwini wake, ndipo mayi wina kumudzi anagona ndi njala kapena analephera kugula feteleza chifukwa cha iyo. Kuiponya m'mbale ya chopereka ndi kumubera kachiwiri. Simoni wamatsenga atafuna kugula mphatso ya Mulungu, Petro anamuuza kuti ndalama zake zitayike naye limodzi, onani Machitidwe 8:20. Chinanso chimene ndimadana nacho ndi kukakamiza munthu kuulula tchimo lake pa maikolofoni mpingo wonse uli chete, mawa nkhani ili pa WhatsApp mpaka kwawo ku Mangochi. Mateyu 18:15 akuyambira pa anthu awiri okha. Kuulula kufike pamene tchimo linafika, basi.

Simunandiuze mpingo wanu. Ngati ndinu Mkatolika, pitani ku Sakramenti la Kulapa, mutchule tchimolo mmene lilili, kuba ndi bodza lomwe. Wansembe saloledwa kuulula zimene wamva ngakhale zitavuta bwanji, ndipo Katekisimu wa Mpingo wa Katolika pa ndime 1459 akunena poyera kuti zobedwa zibwezedwe. Lamulo lolapa kamodzi pachaka linakhazikitsidwa pa msonkhano wa Lateran mu 1215, koma inu musadikire Lenti. Ngati ndinu a CCAP kapena a Pentekosite, mumaulula kwa Mulungu mwachindunji poti mkhalapakati ndi mmodzi, 1 Timoteo 2:5, komabe Yakobo 5:16 akuti tiululirane machimo ndi kupemphererana. Mbusa kapena mkulu wampingo wosunga chinsinsi akhoza kukuperekezani.

Zoti muchite sabata ino

Mukumane ndi mnzanuyo maso ndi maso, osati pa foni. Nenani mawu atatu osazungulira: sindinaberedwe, ndinadya ndine, ndinakunamizani. Za kuvuta kwa maganyu musazitchule pokhapokha akafunsa, chifukwa zimamveka ngati kudziteteza. Mupite ndi kenakake m'manja, ngakhale R500, ndipo mugwirizane tsiku lolipira mwezi uliwonse. Pa R500 ngongole itha m'miyezi 6, za R600 ija mukambirane awiri. Mukamatumiza pa Mukuru kwa mayi ake, muzimuonetsa uthenga wotsimikiza.

Akhoza kukwiya, mwina osakulankhulani miyezi. Aroma 12:18 akungokufunsani mbali yanu pa kukhala mwamtendere ndi anthu onse. Za Mgonero, 1 Akorinto 11:28 akuti munthu adziyese yekha, kenako adye. Mukaulula ndi kuyamba kubweza, kambiranani ndi abusa anu mubwerere pagome, musadikire kuti ngongole yonse ithe.