Bondo langa limandithawa mpira ukamatha

Funso: Adokotala, ndili ndi zaka 24 ndipo ndimasewera mpira pakati. Chigawo choyamba chimayenda bwino, koma mpira ukatsala pang'ono kutha bondo lakumanja limakhala ngati si langa. Ndikadumphira mpira wam'mwamba ndimatera mopendama, pena limagwedera. Silipweteka ayi. Chavuta n'chiyani?

Yankho: Achimwene, ngakhale mutatsinzina mumadziwabe ngati bondo lapindika kapena lawongoka. M'minofu ya ntchafu ndi m'minyewa yomanga bondo muli timitsempha tomwe timauza ubongo pamene bondolo lili nthawi iliyonse. Madokotala timati proprioception. Minofu ikatopa, uthengawu umafika wosalongosoka, ndipo minofuyo imachedwa kugwira bondo.

Mutha kudziyesa. Khalani patebulo miyendo ili lendelende, mutsinzine. Mnzanu akweze mwendowo theka, augwire pang'ono, kenako autsitse. Inu muubwezere pomwe unali. Chitani izi musanasewere, mubwerezenso mukangotuluka m'bwalo thukuta lili kamukamu. Ofufuza amayesa chonchi, ndipo wosewera wotopa nthawi zambiri amaphonya kwambiri kuposa poyamba.

Kuphonyako kumakhala kwa madigiri ochepa chabe, koma pamene thupi lonse likutera pa mwendo umodzi, madigiri amenewo si masewera. Bondo limagwera m'kati, ndipo mnyewa wapakati pa bondo wotchedwa ACL umatha kuduka munthu asanakhudzidwe n'komwe. M'pake kuti osewera amavulala kwambiri chakumapeto kwa chigawo chilichonse.

Ndiye limbitsani minofu, makamaka yakumbuyo kwa ntchafu, yomwe anyamata ambiri amaiiwala chifukwa pagalasi sioneka. Muuzeni kochi wanu za FIFA 11+, masewera otenthetsa thupi a mphindi 20 omwe amachepetsa kuvulala. Pomaliza masewera okonzekera, mutatopa kale, imani ndi mwendo umodzi mukubweza mpira, ndipo zolowerani kutera mawondo atapindika pang'ono. Likayamba kugwedera pa mphindi ya 75, kwezani dzanja akusinthireni.

Chondikayikitsa n'chakuti mwatchula bondo limodzi lokha. Kutopa kumagwira miyendo yonse iwiri. Kodi lakumanjali munalibinyapo kale? Ngati linalirapo kuti "phwa", linatupapo, limakakamira, kapena limakuthawani potsika masitepe, pitani kuchipatala akalipime musanavalenso jombo.