Star Wars yeniyeni ndi iti? Yankho kwa malume a ku Luchenza

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Luchenza. Akuti iwo ndi mwana wa mlongo wawo, mnyamata wa Fomu 3, sakumvana pa nkhani ya Star Wars. Iwo amati mafilimu enieni ndi atatu oyambirira aja, a 1977, 1980 ndi 1983. Mnyamatayo amati amenewo ndi ogonetsa tulo, iye wake ndi Grogu, kamwana kobiriwira ka mu sewero la pa TV la Star Wars lotchedwa The Mandalorian. Ndiye akufunsa: kodi ana a lero alibe maso, kapena ine ndakalamba?

Malume, mkanganowu ndi wakale kuposa mnyamata wanuyo. George Lucas, amene anayambitsa Star Wars, atatulutsa The Phantom Menace mu 1999, anthu amene anakulira pa Luke Skywalker, ngwazi ya mafilimu oyambirira aja, analusa koopsa. Jar Jar Binks, cholengedwa choseketsa cha m'filimuyo, anamunyoza mpaka Ahmed Best, yemwe anasewera gawolo, anadzaulula patapita zaka kuti anaganizapo zodzipha. Hayden Christensen naye sanapume chifukwa cha mmene anasewerera Anakin Skywalker m'mafilimu a 2002 ndi 2005. Koma ana amene anaonera mafilimuwo ali aang'ono anakula, ndipo Christensen atabwerera mu sewero la pa TV la Obi-Wan Kenobi mu 2022 anamulandira ndi manja awiri. Ambiri mwa iwo ndi amene lero akunyoza Rey, ngwazi ya mafilimu atsopano, ndi zina zimene Disney yapanga chigulireni Lucasfilm, kampani ya Lucas, mu 2012.

Kwathu kuno palinso china. Ndikukayika ngati filimu ya 1977 munaionera chaka chomwecho, poti wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba mu 1999. Ambirife Star Wars tinakumana nayo m'vidiyo sho, pa benchi la thabwa, jenereta ikulira kuseri. Ine kunali ku Chitakale, ndipo mwini sho ankangoika chimbale chimene wachipeza, za ndondomeko analibe nazo ntchito. Ndinayamba ndi Revenge of the Sith ya 2005, imene imaonetsa Anakin akusanduka Darth Vader komanso kubadwa kwa mwana wake Luke. Ndiye tsiku limene ndinamva Darth Vader akuuza Luke kuti ndi bambo ake, mawu amene anagwedeza anthu mu 1980, ndinangoti, nanga si tikudziwa kale? Mnzanga amene anayamba ndi zakalezo mpaka pano sandikhululukira. Tinabadwa chaka chimodzi, koma pa Star Wars tili mibadwo iwiri.

Maganizo anga ndi akuti The Empire Strikes Back ya 1980 ija ilibe inzake, apo ndili nanu. Komabe mnyamatayo sakunama kwenikweni. Filimu ya 1977 imayenda pang'onopang'ono, ndipo chipululu cha m'filimuyo chinajambulidwira chinsalu chachikulu cha sinema. Iye akuonera pa foni, mwina batire latsala pang'ono. (Komanso imene mukuiikira kumbuyoyo mwina si ya 1977 ndendende. Lucas anaisintha mu 1997, mpaka Greedo, mdani wa Han Solo, anayamba kuwombera Han Solo asanawombere, pomwe poyamba anawombera ndi Han.)

Musamukakamize kuyamba ndi zanu. Mupezereni Rogue One ya 2016, muonere limodzi. Imathera pomwe filimu ya 1977 ikuyambira, Vader akusesa anthu m'kakhonde ka chombo, ndipo ndikhulupirira adzafunsa yekha kuti kenako chinachitika n'chiyani. Akadzafunsa, mumukumbutse munthu wovala zakuda uja amene anabwera kudzatenga Grogu kumapeto kwa sizoni yachiwiri ya The Mandalorian. Ameneyo ndi Luke wanu yemweyo.