Ine inandigwetsa ndi 99, osati pulogalamu

Achimwene, mwafunsa zoti muyambe ndi pulogalamu iti yosanthulira data, SPSS kapena R, koma zimenezo zisakusowetseni tulo. Ine inandigwetsa ndi nambala 99.

Ndinkafufuza ngati zaka zimene mayi wakhala pasukulu zimakhudza chiwerengero cha ana amene wabereka. Ndinapanga regression (masamu oonera ngati chinthu china chimayenderana ndi chinzake) mu pulogalamu ina yotchedwa Stata, p-value ili pansi pa 0.05, kusonyeza kuti zotsatira zikuoneka zodalirika, tinyenyezi tosonyeza zomwezo tili mbuu pa tebulo, ine kumadzimva katswiri. Tsiku la defense, loteteza kafukufuku wanga pamaso pa aphunzitsi, mphunzitsi wina wachikulire, wolankhula motsitsa, anangoti, "Tationetsani summarize ya zaka za sukuluzo." Ndinalemba lamulo loonetsa chidule cha manambalalo pa laputopu, zonse zikuoneka pakhoma. Maximum: 99. Chipinda chonse zii. Iwo nkufunsa, "Mayi ameneyu anakhala pasukulu zaka 99?" Wina kumbuyo anaseka. Thukuta kamukamu, manja akunjenjemera pa mouse, pakamwa gwa. Kani 99 inkaimira amene sanayankhe, 98 amene anati sakudziwa. Zinalembedwa mu codebook, buku lofotokoza tanthauzo la nambala iliyonse mu data, yomwe sindinaitsegule n'komwe. Stata sadziwa zimenezo, kwa iye missing (yankho losowa) ndi kadontho, china chilichonse amachiwerenga ngati yankho lenileni. Titachotsa ma 99 ndi ma 98 pomwepo, coefficient, nambala yosonyeza mmene sukulu ikukhudzira chiwerengero cha ana, inasintha, mutu wonse wa zotsatira kukhala wolembanso.

Chimandiwawabe mpaka lero ndi supervisor. Pepala lomwelo linadutsa m'manja mwawo katatu, iwo kumangokonza font ndi mipata. Do-file, fayilo ya malamulo onse amene ndinapatsa Stata, sanaipemphepo ngakhale tsiku limodzi. Koma tsikulo anapukusa mutu ngati akundiona koyamba, nkunena kuti "ndinamuuza mnyamatayu." Anandiuza liti? Ngakhale zoti chiwerengero cha ana chimayenda bwino ndi mtundu wa regression wotchedwa Poisson kusiyana ndi wamba uja wa OLS ndinazimvera pomwepo, pamaso pa anthu.

Ndiye inu werengani codebook, variable iliyonse (chinthu chilichonse choyezedwa mu data) muione minimum ndi maximum musanaikhudze. Ngati chimene mukufuna kufotokozacho ndi inde kapena ayi, pitani ku mtundu wa regression wotchedwa logistic. Zigawo zolembedwa 1, 2, 3 muzisandutse ma dummy (ma variable a 0 ndi 1 basi), chigawo 3 sichiposa chigawo 1 katatu. Komanso musakhalitse pa mabuku ndi masamu, tsegulani data muyambe kudinadina, zimalowa m'mutu ukalakwitsa. R ndi yaulere, SPSS ndi Stata zimafuna laisensi. Ndipo output iliyonse muziwatumizira a supervisor anu, poti osaina ndi iwowo.