Akuti kampani ya Tecno inasumiridwa, ndisiye kupikula mafoni ake?

Funso: Ndili ndi kashopu ka mafoni ku Limbe, ndipo amene amayenda malonda ndi a itel ndi Tecno. Mnzanga wandiuza kuti kampani yopanga mafoniwa inasumiridwa kunja pa nkhani ya patent. Kodi ndisiye kupikula ndisanaonongepo mpamba?

Yankho: Musasiye, achimwene. Mnzanuyo sananame. Mu 2024 kampani ya ku America ya Qualcomm inasumira Transsion, eni ake a Tecno, itel ndi Infinix, m'makhoti a ku India ndi ku Ulaya. Koma kwa akuluakulu a mafoniwa, khoti nthawi zambiri limangokhala malo onenererana mtengo.

Patent ndi chiphaso chimene boma limapereka kwa amene watulukira luso latsopano, kuti kwa zaka 20 wina asaligwiritse ntchito popanda chilolezo. Foni iliyonse ya 4G kapena 5G imayendera luso la makampani monga Qualcomm, Nokia, Ericsson ndi Huawei, ndiye wopanga foni amawalipira monga mmene inu mumalipirira lendi ya shopu. Mu 2018 Nokia inalengeza kuti sidzapyola 3 euro pa foni imodzi ya 5G. Qualcomm imawerengera lendi yake pa mtengo wa foni yonse, zimene zinakwiyitsa Apple mpaka kukokerana kukhoti kuyambira 2017 kufika April 2019.

Ambiri timayesa Nokia inatha itagulitsa gawo lake la mafoni kwa Microsoft mu 2014. Ayi ndithu. Inagulitsa mafakitale, ma patent n'kusunga, ndipo mpaka lero ikutolera lendi kwa anzake amene anailanda msika.

Lendiyi imapweteka kwambiri opanga mafoni otchipa, chifukwa phindu lawo pa foni imodzi ndi lochepa kale. Samsung ili ndi ma patent akeake ambirimbiri, moti ikakhala pansi ndi anzake amasinthana, iyo n'kulipira zochepa. Amene alibe chosinthanitsa amalipira yonse, kenako amakankhira pa mtengo.

Chowopsa chilipo. Mu August 2022 Oppo ndi OnePlus anasiya kugulitsa mafoni ku Germany atagonja mlandu ndi Nokia, ndipo mgwirizano unadzabwera mu January 2024. Komabe patent imagwira ntchito m'dziko limene inalembetsedwa basi. Chigamulo cha ku Germany kapena ku Delhi sichingatseke shopu ku Limbe, ndipo amene amafunsidwa ndalamazi ndi wopanga foni, osati inu.

Kunena zoona, kutsika kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 kunakulumani kuposa milandu yonseyi. Maso anu akhale pa dola ndi pa msonkho wa MRA. Pikulani kwa ogulitsa ovomerezeka, sungani malisiti kuti waranti igwire, ndipo pashelefu ikanipo Redmi kapena Samsung wotchipa awiri atatu, kuti Tecno akadzakwera mtengo kasitomala asatuluke chimanjamanja.