Bwanji konkire yambiri chonchi pansi pa nyumba youlukiramo ndi mphepo?

Owerenga athu ena atilembera imelo. Akuwerengera mtengo womangira nyumba ya indoor skydiving, momwe munthu amayandama pa mphepo yochokera pansi ngati wadumpha m'ndege. Chawadabwitsa n'chakuti chipinda choulukiramo ndi cha galasi ndi zitsulo, koma konkire yambiri ikuthera m'dzenje lomwe kasitomala saliona n'komwe. Akufunsa ngati dzenjelo lingachepetsedwe n'kuthiridwa ngati chipinda chapansi wamba.

Ayi, achimwene, musalichepetse. Dzenjelo ndi njira ya mphepo, ndipo konkire yake ndi mbali ya makinawo.

M'nyumba zambiri zamakono zoulukiramo mphepo imazungulira osatayidwa kunja. Mafani amaikoka kuchokera m'chipinda choulukiramo, imatsika m'ngalande za m'mbali, imakhota pansi, kenako imakwera polowa m'khosi lomwe limanka lichepa mpaka pa ukonde pomwe owuluka amaimapo. Chipindacho nthawi zambiri chimakhala mamita 3.7 mpaka 5 m'mimba mwake (cha CLYMB ku Abu Dhabi, chotsegulidwa mu 2019, chimafika pafupifupi mamita 10). Munthu wogona chafufumimba amayandama pa liwiro la makilomita pafupifupi 200 pa ola. Kuti mphepo ifike pamenepo yosalala, pansipo iyenera kuyenda pang'onopang'ono m'malo otakasuka. Mukafinya malowo liwiro limakwera, ndipo mphamvu yotayika imakwera koopsa: kuwirikiza liwiro kawiri kumadya magetsi kasanu ndi katatu. Mwapulumutsa simenti, koma bilu ya magetsi idzakulizani zaka zonse. N'chifukwa chake miyeso ya mkati imachokera kwa kampani yopanga makinawo, injiniya amangosankha kukhuthala kwa makoma ndi zitsulo zake.

Mdani wamkulu ndi madzi a pansi pa nthaka. Mita imodzi iliyonse yomwe dzenje lamira m'madzimo imakankha maziko m'mwamba ndi tani imodzi pa sikweya mita. Dzenje likamira mamita 6, ndi matani 6 pa sikweya mita, ndipo dzenje lopanda kanthu limafuna kuyandama ngati bwato. Nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene makoma atha koma nyumba yam'mwamba sinakwere kuti ilemere. Musazimitse mapampu ochotsa madzi injiniya asanalole. Ena amakhuthalitsa silabu yapansi, ena amaimangirira ku mizati yokhomeredwa m'nthaka.

Konkire ikhale ya C30/37 (mlingo wa kulimba kwake) kapena kuposa, madzi asapitirire theka la kulemera kwa simenti, ndipo zitsulo ziikidwe zoti ming'alu isapose mamilimita 0.2. Madzi kawirikawiri salowera pakati pa khoma. Amalowera polumikiza konkire yakale ndi yatsopano, makamaka pomwe silabu ikumana ndi khoma. Pamenepo ikani waterstop (lamba wotchinga madzi), muimange bwino isapindike pothira, ndipo vaibureta (chogwedezera konkire kuti itsendereke) ifike pansi pake, apo ayi pamatsala mabowo. Mabowo a ndodo zogwira mashatala (matabwa otchinga konkire pothira) atsekedwe limodzilimodzi. Pothira mbali zokhuthala kuposa mita, yezani kutentha: kusiyana kwa mkati ndi kunja kusapose madigiri 20, ndipo musathamangire kuchotsa mashatala. Konkire ikhale yonyowa masiku osachepera 7. Ngakhale zonsezi zitayenda bwino, siyani kadzenje ka pampu pamalo otsikitsitsa.

Nkhope ya khoma ndi pomwe makontirakitala ozolowera zipinda zapansi amagwa. Kachitunda kakang'ono pomwe mashatala awiri sanalingane kamasokoneza mphepo, choncho kaperedwe. Choipa kwambiri ndi fumbi ndi tizibenthu: chilichonse chothothoka pakhoma chimanyamulidwa, n'kukamenya mapiko a fani kapena nkhope ya munthu. Pakani epoxy (utoto wolimba wotchinga konkire), koma yezani kaye chinyezi. Opanga epoxy ambiri amafuna chisapose 4 peresenti, ndipo mukapaka pa konkire yosauma utoto umatupa matuza n'kuyamba kusendeka, ndiye kuti mwadzipangira nokha zinyalala zouluka.

Mapuleti ndi mabawuti ogwirira mafani, komanso zitsulo zokhotetsa mphepo pamakona, aikidwe konkire isanathiridwe, atamangidwa pa chimango chachitsulo kuti asasunthe. Wopima ayeze kawiri, musanathire ndi mutangothira. Kuboola pambuyo pake kumadula zitsulo za mkati ndi kutsegulira madzi njira.

Chomaliza ndi kunjenjemera. Fani yozungulira maulendo 600 pa mphindi imagwedeza chogwirira chake ka 10 pa sekondi. Ngati silabu kapena mtanda womwe yakhalapo umanjenjemera mwachibadwa pafupi ndi mlingo umenewo, kugwedezeka kumakula, mabawuti amamasuka, ming'alu imatseguka. Popeza liwiro la mafani limasinthidwa malinga ndi wouluka, injiniya awerengere mlingo wonse womwe adzagwirire ntchito, osati wapamwamba wokha. Pemphani manambala amenewa kwa opanga makina musanatumize mtengo wanu.